Difu pa Mphasa ya Namfedwa

“Musaponde pamenepo,” anatero Simukai panja, ndipo amake anamumva bwinobwino ali m'nyumba. Anali mawu a munthu amene watsala pang'ono kulira kapena kumenya wina.

Amake Simukai anali pamphasa pabalaza, atatsamira khoma, atafunda nsalu kumutu. Mipando inali itatulutsidwa, amayi a mpingo atadzaza m'mbali, akuimba chapansipansi. Amuna awo, a Zefaniya Nyamunda, anagwa dzana lake pansi pa mtengo wa mapeyala, sipanala ili m'manja, osadzukanso. Thupi linali kumochale, kudikira Loweruka kuti likagone kwawo ku Honde, kuseri kwa mapiri.

M'komboni yonse ya Sakubva panalibe wosaidziwa pikapu yobiriwira ya a Nyamunda, yakale kuposa Simukai yemwe. Kukamveka kulira kwa maliro, mkuluyo sankadikira kuitanidwa. Ankatsuka kumbuyo kwa galimoto, kuyala kapeti, n'kukaima pachipata cha anamfedwa. Ulendo womaliza ananyamula mnyamata wogulitsa makala amene analibe mbale m'tauni, ndipo pobwera galimoto inayamba kulira kunsi, giya yachiwiri n'kumathawa pachitunda. Anaikweza pa njerwa, n'kutsitsa giyabokosi ndi difu, bokosi la mano limene limazunguza matayala akumbuyo.

Tsono munthuyo anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Chitsulo chilichonse chimene wamasula ankachigoneka pa chitseko chakale motsatana, ndipo ngakhale nkhuku zinkadziwa kuti pamenepo sipayendedwa. Koma tsiku la imfa, anthu abwino okonza pabwalo anafuna chitsekocho kuti chikhale tebulo. Anakhuthulira zonse m'bafa, amayi n'kusesa pamalopo mpaka mbee.

A Kefasi, mng'ono wa malemuyo, amene anafika kuchokera ku Harare atavala jekete, anaima pakhomo.

“Alamu, ndalankhula ndi a kampani ya maliro. Galimoto yawo ndi yoyera, ya magalasi. Achimwene apite mwaulemu.”

“Achimwene anu ananyamula Sakubva yense,” anayankha amake Simukai osakweza mawu. “Lero iwo akwere ya eni? Ankanena okha kuti adzapita pa yawo.”

“Yawoyo ili pa njerwa, matumbo ali m'bafa. Mukufuna maliro akatchone paphiri, anthu atiseke?”

“Mwana akukonza.”

“Simukai ndi woyendetsa minibasi, alamu, si makaniko. Chabwino, akalephera pofika mawa madzulo, ndikauza akampaniwo abwere. Zitsulozi tidzagulitsa kwa ogula zakutha.”

Mawu omalizawo anawabaya amake Simukai.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, Simukai anaima pakhomo, manja ali bii mpaka m'zigongono.

“Amayi, giyabokosi ndabweza. Mano atsopano bambo anali atawapeza kale, magiya onse akulowa. Koma difu yandikanika. Ndikamanga ikulimba, ndikamasula ikugogoda.”

“Tizitsulo topyapyala tija, tonga zibangili, waika?”

“Titi?”

Mayi wina wa mpingo anadula nyimbo pakati, n'kugwira pakamwa. “Todula ku chitini tija? Ine ndinayesa zinyalala. Ndinatayira kudzala, ndipo kwatenthedwa kale.”

Amake Simukai anayamba kudzuka, koma manja angapo anawakokera pansi. Mkazi wa malemu satuluka m'nyumba thupi la mwamuna wake lisanalowemo kudzagona usiku wotsiriza, ndipo akuchimuna anali panja, maso ali tcheru. Iwo anamva ukali ndi chisoni pamodzi: nzeru ili m'mutu mwawo, difu ili panja, pakati pali khomo basi.

Apo n'kuti a Gwaze akusuzumira. Iwowa anali sahwira wa malemuyo, bwenzi la pabanja limene pamaliro limaloledwa kunyoza, kuseketsa ndi kunena chilichonse popanda wolidzudzula. Chiyambire dzulo anali atavala ovolosi ya a Nyamunda, akuyenda chotsimphina ngati mwini wake.

“Mwati namfedwa satuluka, ndamva,” anatero. “Nanga ndani ananena kuti difu silowa? Mkazi wachiwiri wa mnzanga ameneyu. Wagona naye kunsi kwa galimoto zaka zonsezi, nayenso alowe adzalire.”

Amayi anaseka mobisa m'nsalu. A Kefasi anatsegula pakamwa, koma sahwira satsutsidwa. Posakhalitsa difu inalowa pabalaza pa thumba, anthu awiri akubuula nayo, n'kutera pamphasa pafupi ndi mawondo a namfedwa.

Amake Simukai anavula nsalu kumutu n'kuimanga m'chiuno.

“Ndipatseni chitini cha mafuta ophikira, sizasi yakale ija, ndi polishi wofiira wa pakhonde.”

Anadula chitinicho mozungulira, n'kupatsa mwana wawo timphete tiwiri kuti aike kuseri kwa kagiya kakang'ono. Atamanga, iwo anaviika chala m'polishi n'kupaka mano a gudumu lalikulu. Kangati kamene anakangana ndi amuna awo chifukwa cha polishi ameneyu, khonde likutuwa polishiyo akuthera m'galimoto? Komabe ndi iwo amene ankaitanidwa kudzapaka, poti mkuluyo ankati maso ake sakuonanso bwino.

“Zunguza, Simukai. Alamu, musangoima, gwirani gudumu ili kuti lizilimba pozungulira.”

A Kefasi anayang'ana jekete lawo, n'kuyang'ana amayi onse aja. Analivula, n'kugwada.

“Taona, Simukai. Polishi wachoka kunsonga kwa dzino kokha. Mano akungokhudzana, sakulumana. Onjeza kamodzi.”

Anamasula, kuonjeza, kumanga. Ulendo uno polishi anachoka kutsinde.

“Wapitirira. Chotsa ako, ndidule kena kuchokera pachivundikiro, mpopyapyala.”

“Anthu inu mumachita izi nthawi zonse?” anafunsa a Kefasi, thukuta lili kamukamu.

“Mumayesa amakafika bwanji ku Chipinge ndi ku Nyanga ndi maliro a eni?”

Amayi a mpingo anayambiranso kuimba, ndipo ntchito inayenda m'kati mwa nyimbo, kumasula ndi kumanga, mpaka dzuwa linapendeka. Kenako Simukai anazunguza, difu n'kuyenda myaa, yosalimba, yosagogoda. Pa dzino lililonse polishi anali atachoka pakati penipeni. Amake anayendetsa chala pamanopo, n'kupukutira pa nsalu yawo yamaliro. Ananyada, ndipo sanabise.

“Bambo ako akanati, tsopano yadya. Kamangeni. Usaiwale oilo, ndipo mabawuti uzimanga modumphitsa, osati motsatana.”

Madzulo thupi lisanafike, pikapu inatsika pa njerwa. Simukai anaizungulitsa mpaka kumsika, kukwera kachitunda ka kutchalitchi pa giya yachiwiri, ndipo giyayo sinathawe. Amake anamvetsera ali pamphasa pomwepo. Injini inkamveka, koma kunsi kunali zii. A Kefasi anapita kuseri kwa nyumba ndi foni yawo, ndipo anthu anawamva akupepesa akampani aja.

Loweruka m'mawa a Gwaze anatsuka kumbuyo kwa galimoto n'kuyala kapeti ija. Bokosi litakwezedwa, iwo anakhala pambali pake ndi amuna ena. Kutsogolo kunakhala Simukai pa chiwongolero, amake pakati, a Kefasi kukhomo.

Atatuluka pachipata anapeza msewu wadzaza. Anthu anaima pamakomo awo mbali zonse ziwiri, amuna zipewa zili m'manja, amayi akuwomba m'manja mwaulemu. Amake Simukai ankawadziwa onse, ndipo ankadziwanso amene pikapuyi inanyamula pa khomo lililonse: apa mwana, apo gogo, apo mwamuna amene abale ake anamukana. Anakhala chowongoka, nsalu yothimbirira polishi ili pamapewa.

Pafupi ndi sukulu, pamene pali chitunda chochepetsa liwiro, Simukai anabweza giya, galimoto n'kumakwawa. Anatembenuza dzanja n'kugogoda pa galasi lakumbuyo.

“Gwirani bwino, bambo, pali chitunda apa.”

A Kefasi anacheuka. “Ukuuza a Gwaze?”

“Ayi,” anayankha amake Simukai. “Achimwene anu sankadutsa chitunda kapena mlatho asanamuuze amene amunyamula. Ngakhale wamakala uja, dzina lake osalidziwa, anamuuza njira yonse mpaka kwawo.”

A Kefasi anayang'ana zikhadabo zawo, mmene munali mudakali girisi ndi polishi wofiira. Galimoto inatsetsereka kulunjika ku mlatho wa kumapeto kwa tauni, ndipo Simukai atayamba kuchepetsa liwiro, bambo ake aang'onowo anamugwira mkono. Anagogoda okha pagalasi, n'kukonza pakhosi.

“Achimwene, ndine Kefasi. Tikuoloka mtsinje tsopano.”