Matemba M'munda wa Apongozi

Rhoda, mwana wa mchimwene wanga Edwadi, anabwera ndi mnyamata wake kwa Mwambo kuno n'kutiuza kuti ndi wa ku yunivesite. Ine ndinalekera Sitandade 2, ndiye ndinakhala bwino pamkeka kuti ndimve zakuya.

"Bambo Medson, kumeneko mukuphunzira udokotala?"

"Ayi azakhali, mbiri yakale ya anthu a ku Amereka."

"Abale awo anatha kodi, kuti mbiri yawo muziwasungira inu?"

Anaseka mwaulemu, kuseka kwa munthu amene wakukhululukira umbuli.

Kumudzi kwa amake Rhoda, mwamuna asanalowe chikamwini amayamba wapatsidwa kamunda kuti aone manja ake. Akalephera, ankhoswe ake asavutike n'kubwera. Medson anapatsidwa kamunda kakuseri kwa nyumba, pamodzi ndi mbewu ya chimanga. Mvula yoyamba itagwa anapalasa njinga mpaka kunyanja ku Kachulu, n'kubwerako ndi dengu la matemba aawisi. Tonse tinati mkamwini ndi ameneyu, wadziwa ndiwo.

Matembawo anapita nawo kumunda. Ndinamupeza atawerama: phando lililonse nsomba ziwiri, mbewu zitatu, n'kukwirira. Ndikanatha kumuuza, koma munthu wa mabuku umamuyambira pati? Ndinangoti, "Mwaswera bwanji achikumbe," ine ulendo.

Kutacha, munda wonse unali maenje okhaokha. Agalu a midzi itatu anafukula phando ndi phando, mbewu zotsala nkhuku zinatolera. Galu wanga yemwe, wowonda uja, anabwera mimba ili tantha.

Masana tinakhala pansi pa mango. Amake Rhoda anakhala chopenyera kumbali monga amachitira apongozi, Rhoda pafupi ndi ine. Edwadi anati mnyamatayo afotokoze.

Medson anatsokomola ngati ali m'kalasi. Akuti azungu oyamba anafika ku Amereka pachombo, osadziwa kulima za kumeneko, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi kuzizira. Eni dziko ndiwo anawaphunzitsa kudzala chimanga, n'kumaika nsomba m'phando kuti ikhale manyowa.

"Zaka zinayi mukuphunzira za anthu osadziwa kudzala chimanga?" ndinafunsa. "Nanga agalu kunalibe kumeneko?"

"Za agalu sitinafikepo, azakhali."

"Mudzafikapo pa digiri yachiwiri. Tsono alendowo atakhuta, eni dziko anawathokoza bwanji?"

Rhoda ananditsina pantchafu. Koma Medson nkhope inawala, chifukwa funso limeneli akuti linabwera pamayeso ndipo anakhoza kuposa anzake onse. Anayamba kulakatula. Alendowo anachulukana, anapempha malo ena, kenako anasiya kupempha. Anamanga mipanda, analemba mapepala oti minda ndi yawo, eni ake n'kuwathamangitsira kutali. Anatchula ndi zaka zomwe, chala chili m'mwamba.

Atamaliza, iye ankadikira kuti tiwombe m'manja.

Amake Rhoda analankhula osatembenuka. "Bambo ake Rhoda, tandifunsireni. Mlendo wosadziwa kulima, wopatsidwa munda ndi eni mudzi, wodziwa kulemba mapepala, pakati pathu pano ndi ndani?"

Edwadi, amene nayenso ndi mkamwini pamudzipo zaka makumi atatu, anayang'ana zala zakumapazi.

"Amayi, imeneyo ndi mbiri chabe," anatero Rhoda.

"Mbiri yomweyo dzulo waidzala m'munda mwanga. Mbali yoyamba waiyesa, yachiwiriyo akayesere kwina. Ndili ndi munda wa mpunga ku Likangala, ine."

Anatuma Edwadi kuti akalandire khasu lawo, ndi kuti akauze ankhoswe a Medson asabwere. Mnyamatayo anamangirira mabuku ake panjinga, kolala ikunukha nsomba.

Rhoda mpaka lero tikakumana pamjigo amatembenuka n'kuyang'ana chidebe. Akuti ndinamuphera banja. Ine ndinangofunsa funso, woyankha bwino anali mnyamata wakeyo.