Woperekeza Safika Pakhomo

Geti la ba Anna, mkulu wanga, linalibe vuto lililonse. Ndikunena ine Cathrine amene ndimalitsegula m'mawa uliwonse. Koma ba Chitalu, wowotcherera zitsulo wa ku Kalingalinga, ankabwera kwathu ku Mtendere Loweruka lililonse kudzalikonza. Akaligwedeza n'kulithira oilo, ankakhala pampando ndi kapu ya tiyi, chipewa pabondo, maso pansi ngati wataya singano.

Onse awiri anali oferedwa, onse awiri imvi zitayamba. Komboni yonse inkadziwa chimene bamboyo ankafuna, koma pakamwa pake pokha ndi pamene uthengawo unali usanafike.

Tsono nthawi inali kumuthera. Jackson, mwana wa ba Anna amene amagwira ntchito ku Kitwe, anali atawamangira amayi ake chipinda, ndipo anati adzawatenga mvula ikamayamba. Tsiku lina akusoka diresi la kasitomala, ba Anna anandiuza osadzutsa mutu: "Ngati kulibe chonigwira mu Lusaka, nizayenda chabe, Cathrine." Mtima unandipweteka. Sindinkafuna kuti apite, ndipo ndinkadziwa kuti nawonso sakufuna.

M'nyumba mwathu munalibe poyankhulira nkhani yotere. Adzukulu, wailesi, azimayi odzayesa zovala, ndi ineyo amene makutu anga sagona. Mpata unali umodzi basi, woperekeza mlendo. Kwathu mlendo satuluka yekha. Wokuona wamba amakusiya pageti, wokulemekeza amakufikitsa pamsewu, ndipo wokukonda amayenda nawe mpaka nkhani zithe. Koma woperekeza safika pakhomo pa mlendo. Amaima panjira, n'kutsanzika, n'kubwerera.

Mayi wamasiye sangayende yekha ndi mwamuna ku Mtendere, pakamwa pa anthu pangapse. Ndiye anandikoka ine, ndi maondo anga olira ngati chitseko, kuti ndiziyenda kumbuyo kwawo.

Ulendo woyamba tinadzera msewu wa kumsika. Zinakanika. Aliyense moni, aliyense funso. Ba Chitalu atangoti, "Ba Anna, nenze kufuna kukamba kuti..." kondakitala wa minibasi anawakuwira m'khutu, "Tauni! Tauni, ba mudala!" Mayi wina wa kutchalitchi anatiphatika mpaka pamphambano, akufotokoza za shuga wake.

Loweruka lotsatira ba Anna anaima pageti n'kunena, "Njira ija ili na fumbi maningi. Tiyeni tipitire uku."

Uku kwakeko kunali kum'mawa, cha ku Ibex Hill, pamene Kalingalinga ali kumadzulo. Ndinafuna kuwakumbutsa, koma anandiponda chala. Tinakwera pang'onopang'ono, phokoso likutsalira m'mbuyo, mpaka pamalo pena pamene mipanda inatha. Nditatembenuka ndinangoti kukamwa yasa. Mtendere yense anali pansi pathu, malata akunyezimira ndi dzuwa lofiira, utsi wa mbaula ukukwera mowongoka, makaiti a mapulasitiki a ana akuvina pamwamba pake. Ndakhala m'komboni imeneyi chibadwire, ndikuitukwana chifukwa cha matope ndi ngalande zake, osadziwa kuti ukaiona patali madzulo ndi yokongola chonchi.

Ba Chitalu anatsokomola. Ndinati eya, lero ndi lero.

"Mwaiona nyumba ija ya malata ya buluu?" anatero. "Geti yake ninapanga ndine."

Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi nsapato.

Kuyambira pamenepo ba Anna anasanduka katswiri wa njira. Ankafunsa makasitomala awo ogwira ntchito m'mayadi kumene kuli misewu ya mitengo, kumene kulibe agalu olusa. Tinadzera ku Kabulonga nthawi ya maluwa a jakaranda, msewu wonse uli pepo, maluwa akuphulika pansi pa mapazi, alonda akutiyang'ana ngati tasochera. Tinapeza kanjira kotulukira ku madamu a kuyunivesite, kumene akakowa amabwera m'magulu kudzagona m'mitengo ndipo ana a sukulu amakhala awiriawiri paudzu opanda manyazi. Ba Chitalu ankatigulira chinangwa chootcha ndi nshawa, tikudya tikuyenda ngati atsikana.

Pobwerera pathu panali pakamlatho ka ngalande, polowera ku Kalingalinga. Ba Anna ankaima n'kunena, "Ise tabwerera pano."

"Awe," ba Chitalu ankayankha, "bazimai bawiri mweka, na mdima uyu ubwera? Lekani nikuperekezeni."

Ndiye ankatiperekeza mpaka pageti pathu. Tikafika, ba Anna ankati mlendo sangachoke yekha, n'kuwaperekezanso mpaka pakona. Anthu a mumsewu mwathu anafika potopa ndi kupereka moni. Ine maondo anasiya kulira, siketi yanga ya kutchalitchi inayambanso kundikwana, ndipo dzuwa likapendeka mapazi ankandiyabwa okha. Ndinali wosangalala, sindibisa. Koma mawu aja sanatuluke. Tinamva za mitengo ya zitsulo, za magetsi othimathima, za malemu akazi awo amene ankakonda nyimbo za kwaya. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndinkatero mumtima, ndikuyang'ana msana wa bambo wamanyaziyo.

Kenaka mitambo inayamba kusonkhana, ndipo Jackson anaimba foni kuti afika Lamulungu. Ba Anna analongedza zikwama, makina osokera n'kuwakulunga m'chitenje. Loweruka limenelo ba Chitalu sanaligwire n'komwe geti. Tiyi anazizira m'kapu.

Tinadzera ku madamu. Mphepo inkanunkhira dothi lonyowa, akakowa akubwera mofulumira kuthawa mvula. Ine kumbuyo ndinkapemphera mokalipa, ndikumuuza Mulungu kuti ngati anatsegula pakamwa pa bulu, wowotcherera zitsulo angamukanike bwanji.

Tinafika pakamlatho. Ba Chitalu anaima, akudikira mawu a masiku onse. Ba Anna sanaime. Anawoloka n'kumapitirira, chitenje chikukupiza.

"Ba sisi," ndinanong'ona nditawathamangira, "tapitirira pobwerera."

"Niziba," anatero.

Tinalowa m'tinjira ta Kalingalinga, ba Anna patsogolo ngati kwawo, mwini dera akutsatira chipewa m'manja. Azimayi ogulitsa tomato anasiya kuitana makasitomala. Ba Anna anafunsa mmodzi kuti kwa ba Chitalu n'kuti, ndipo zala zinaloza kuchokera mbali zonse.

Tinafika. Anthuni, geti la munthu amene anakonza lathu miyezi yonseyi linali lopendekeka, lomangidwa ndi waya ndi chingwe cha nsapato. Ndinaseka mpaka kugwira mpanda.

Ba Anna anaima pomwepo, osalowa. Ba Chitalu anaima pambali pawo.

"Ba Anna," anatero, "woperekeza safika pa nyumba."

"Niziba."

"Manje... imwe mwafika."

"Nafika. Mendo yanga yakamba kale, ba Chitalu. Kwasala imwe."

Dontho loyamba la mvula linagwa pa malata. Bamboyo anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine. Ndinamutuzulira maso. Ndipo mawu amene tinawasaka ku Ibex Hill, ku Kabulonga ndi ku madamu anatulukira pa geti lothyoka.

"Musayende ku Kitwe. Nikufunani. Mailo m'mawa nizatuma bakulu kwanu na tumbale tofunsira chikwati, bakambe na Jackson na ba malume banu, mwa mwambo."

Ba Anna anagwira waya uja n'kuugwedeza pang'ono. "Yambani mwakonza iyi geti," anatero. "Siningangene pa nyumba yotseka na ntambo ya nsapato." Koma nkhope yawo inali ikuwala, ndipo misozi inali itafika kale pachibwano.

Ndinaimba nthungululu imene inatulutsa Kalingalinga yense m'nyumba. Azimayi a tomato anailandira osafunsa n'komwe kuti yachiyani.

Mvula inayamba yeniyeni, yotentha, yonunkhira fumbi. Ba Chitalu anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi ambulera imodzi yothyoka nthiti, n'kunena kuti sangatilole kubwerera tokha. Anaifunyulula pamwamba pa ba Anna. Ine ndinalibe malo pansi pake, ndipo sindinawafune.

Miyezi yonseyi ndinkayenda kumbuyo kwawo ngati mlonda. Madzulo amenewo ndinawadutsa, ndinavula nsapato, n'kuyenda patsogolo m'matope a kwathu, ndikuimba, osacheuka ngakhale kamodzi.