Zala Zitatu Kutsogolo

Galimoto yanga ndi yakale kuposa mwana wanga woyamba, ndipo mwanayo wayamba kale imvi. Kwa zaka khumi ndi zinayi yakhala ndi baji ya kalabu yathu ya eni galimoto zakale, kachitsulo konyezimira komangidwa pabampala. Lamulo la kalabuyo ndi limodzi: galimoto ikhale momwe inatulukira kufakitale, osasintha ngakhale bawuti.

Zinthu zinasintha akazi anga atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse amayenera kupita kuchipatala kukawongola mwendo. Pageti la chipatalacho anamangapo hampu yaitali ngati mzere wa mbatata. Galimoto zamakono zimangodutsa. Yanga, imene anaipanga yogwada kutsogolo, inagunda mimba tsiku loyamba lomwelo mpaka mafuta kudontha. Kuyambira pamenepo ndinkaima kunja kwa geti, iwo n'kutsika ndi ndodo zawo ziwiri, kukwawa mpaka kukhomo la madokotala, mtunda wa bwalo la mpira. Tsiku lina anaima pakati pa njira n'kuyang'ana kumbali kuti ndisaone misozi. Ndinaiona. Mtima unandipsa, ndipo amene ndinamupsera mtimayo ndinali ine ndemwe.

Loweruka m'mawa, iwo ali kwa mwana wathu wamkazi, ndinakweza galimoto pa jeke, kuichirikiza ndi zitsulo, n'kuchotsa matayala akutsogolo. Ndinali nditapeza masipuling'i otalikirako ndi mashoko oyenderana nawo. Sipuling'i si yosewera nayo. Ukaimasula usanaipane bwino imakugulula mano. Ndinaipana pang'onopang'ono, uku kawiri, uko kawiri, thukuta likulowa m'maso.

Ndili pa tayala lachiwiri, m'galaja munalowa wapampando wa kalabu. Tonse timawatcha a Tepi chifukwa sayenda opanda tepi yoyezera m'thumba. Ine ndimakhulupirira kuti ngakhale buledi amayamba amuyeza asanadye.

“Akulu, ndinamva mphekesera, ndimayesa ndi bodza,” anatero a Tepi. “Mukuitani galimotoyi?”

“Ndikuikweza. Zala zitatu basi.”

“Zala zitatu! Mukudziwa kuti za mtundu uwu zatsala zowerengeka? Mukuipha, akulu. Masiku awiri okhawo pa sabata, bwanji osangobwereka ya mwana wanu? Matakisi anatha?”

Ndinatuluka pansi pa galimoto kuti ndiwaone bwino kumaso.

“Mayi akunyumba anakwera galimoto iyi tsiku la ukwati wathu. Ana athu atatu onse anabwera kunyumba ali m'manja mwawo pampando uwo. Lero akudwala ndiye ndiziwakweza ya eni, iyi izigona muno kudikira chionetsero kuti muziiomba m'manja? Ayi, zimenezo ndakana.”

“Lamulo ndi lamulo. Mukatero, baji tichotsa.”

Ndinatola sipanala n'kuwapatsa m'manja.

“Nambala teni iyo. Mabawuti ndi awiri. Musandikandire bampala.”

Anayesa ndikuseka. Anaima kudikira kuti ndibweze mawu, ine n'kubwerera pansi pa galimoto. Patapita kanthawi ndinaona mawondo a thalauzi lawo loyera akugwada pasimenti yamafuta, kenako sipanala ikulira. Ndisaname, zinandiwawa. Bajiyo ndinkaipukuta Lamlungu lililonse, ndipo anzanga onse otsala ali m'kalabu momwemo. Koma dzanja silinasiye kumanga.

A Tepi anatuluka osatsanzika. Madzulo ndinatsitsa galimoto, ndinaigwedeza kutsogolo kuti masipuling'i akhazikike, n'kuiyendetsa kuzungulira kawiri. Inali itadzutsa mutu. Kunena zoona sinkaoneka bwino ngati kale, inkachita ngati ikununkhiza mvula, koma ine sindinasamale.

Lachiwiri tinanyamuka. Akazi anga sanaone kusintha kulikonse. Iwo galimoto amaidziwa mpando wokha. Tikuyandikira geti anayamba kusonkhanitsa ndodo zawo, nkhope itauma kale poganiza za mtunda uja.

“Khalani, mayi,” ndinatero.

“Mukufuna muiphwanyenso? Imani, bambo, ndiyenda.”

Sindinaime. Ndinaika giya yoyamba, mlonda anatsegula, matayala akutsogolo anakwera hampu. Tonse awiri tinakweza mapewa kudikira chitsulo chilire. Kunali zii. Akumbuyo nawo anakwera n'kutsika, ndipo ndinakaima pakhomo penipeni pa madokotala, poti munthu akatambasula ndodo akhudza chitseko.

Akazi anga sanatsegule chitseko cha galimoto. Anangoyang'ana kutsogolo, dzanja lili pakamwa.

“Bambo, nthawi ilipo?”

“Kwatsala mphindi khumi.”

“Ndiye tembenuzani,” anatero, mawu akunjenjemera ndi kuseka. “Tituluke, tilowenso. Ulendo woyambawu ndinatsinzina.”