Chikwama cha Wendell Tackett

Wosewera gofu akafuna kukuchotsa ntchito sakuuzira m'bwalo. Amadikira mufike poimika magalimoto, umuikire chikwama m'buti, utseke, ndiye amayang'ana nsapato zake n'kunena kuti akufuna ayeseko munthu wina. Ine Cleotis Mabry mawu amenewa ndinawamva ku Texas, ku Ohio, ngakhale kwathu ku Georgia, mayi anga akundidikira ndi nkhuku yokazinga. Ndiye wina asandiuze za ubwino wa osewera gofu. Sukulu ndinaisiyira panjira kuti ndizisenza zikwama zawo, ndipo ndinawadziwa kuposa mmene ankawadziwira akazi awo.

Chaka chimene ndikunenachi ndinkanyamulira Wendell Tackett wa ku Oklahoma, mzungu wamtali, wosakonda kuyankhula, wa makutu opsa ndi dzuwa. Sanapambanepo mpikisano. Chaka chilichonse ankangopulumutsa chiphaso chake movutikira, chija chimalola munthu kudzaseweranso mipikisano ya chaka chotsatira. Chiphaso chikapita, womunyamulira naye amakwera basi kubwerera kwawo. Ine ndinali nditakula kale. Ndinkadziwa kuti chikwama chimenechi chikandichoka paphewa, china sindidzachipezanso.

Bondo langa lamanzere linayamba kuvuta tili ku Florida, chaka chikungoyamba. Ndinkalimanga ndi nsalu mkati mwa thalauza, m'mawa n'kumeza mapiritsi ndi khofi. Wonyamula chikwama wotsimphina palibe amamufuna. Pokwera chitunda ululu ukandigwira, ndinkaima, kuthothola tiudzu n'kutiponya m'mwamba ngati ndikuyesa mphepo. Wendell nayenso ankaima, n'kumationerera tiudzuto tikugwa.

Amene ankadziwa anali Roscoe Tillery yekha, wonyamula mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi m'timahotela totchipa. Ankandiseka kuti bondo langa limalira ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo tsiku lina bwana wanga adzaphonya mpira chifukwa cha phokosolo.

Chapakati pa chaka zinthu zinayamba kusowa m'chikwama. Ife onyamula sitinkaloledwa kulowa m'nyumba ya osewera. Chikwama chinkagona mkati, ife n'kumachilandirira pakhomo m'mawa. Poyamba inasowa juzi. Kenako nsapato zosinthira, kenako mipira yapadera inatsala yochepa. Ndinaganiza kuti pali wakuba ndipo mlandu ugwera ine, chifukwa kumeneko chinthu chikasowa amayamba kuyang'ana munthu wakuda. Nditamuuza Wendell, anangoti wachotsa yekha, katundu wambiri amamusokoneza mutu.

Tsiku lina anatuluka ndi kachikwama kansalu m'malo mwa chikwama chake chachikulu chachikopa chija cholembedwa dzina lake. Anzathu onse anafa nazo kuseka. Roscoe anandifunsa ngati ndayamba kuperekeza ana kusukulu. Madzulo ake anasiya nthabwala, n'kundiuza kuti wamva zoti Wendell ali ndi mlamu wake amene akusowa ntchito. Masiku amenewo osewera anali atayamba kubweretsa alamu awo ndi anzawo a ku koleji kuti aziwanyamulira, ife akale n'kumatsala poimika magalimoto, manja m'matumba.

Pamenepo zonse zinandimvekera. Chikwama chabwino akusungira mlamu, ine andimalizitse chaka ndi chiguduli. Kuyambira tsiku limenelo ndinkamuyankha zokhazo zimene wafunsa. Akandigawira buledi wake wa nyama ndinkakana. Iye ankangomukulunganso mu pepala n'kumusiya pabenchi pafupi nane.

Mpikisano womaliza unali ku Mississippi, masamba atayamba kuyoyoka, pa bwalo la zitunda zokhazokha. Wendell ankafunika kumaliza pamalo abwino kuti chiphaso chikhale. Masiku atatu oyamba anasewera ngati munthu wina. Loweruka bondo linatupa kwambiri, moti pa chitunda chomaliza ndinayesa mphepo kangapo. Madzulo ake ndinaona mitambo ikuunjikana kummwera. Ndinamuuza Wendell kuti abweretse ambulera, jekete ya mvula ndi mathaulo ena, ndipo ndinaziika ndekha m'kachikwamako asanakalowetse mkati.

Lamlungu ndinazindikira titafika kale poyambira, dzina lake likuitanidwa. Ambulera munalibe. Jekete munalibe. Thaulo linali limodzi.

"Bwana, ambulera ili kuti?"

"Sigwa lero, madala. Awailesi atero."

"Awailesi amasewera gofu?"

Anamwetulira pang'ono, n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse ndodo yomenyera mpira.

Mvula inatipeza titatsala ndi maenje ochepa olowetsamo mpira kuti timalize. Sinali ya mphezi yoti aimitse masewero, inali ija yabata yosakata, yolowa mpaka m'mafupa. Mnzake amene ankasewera naye anali pansi pa ambulera yaikulu, mathaulo ouma akulendewera mkati. Bwana wanga madzi ankamutsika m'chipewa kulowa m'khosi. Thaulo lija ndinalibisa m'malaya mwanga, magolovesi m'khwapa, koma posakhalitsa zonse zinanyowa. Zogwirira za ndodo ndinkazipukuta ndi mkati mwa thumba la thalauza. Wendell sanadandaule. Analowetsa mpira m'dzenje kuchokera patali kawiri konse, madzi akudontha pamphuno, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tipulumuka.

Dzenje lotsatana ndi lomaliza linali ndi dziwe kutsogolo kwake. Ndinamupatsa ndodo yoyenera, imeneyo palibe angandinene. Anamenya, ndodo inamuterereka m'manja, mpira unanyamuka chokwawa n'kukathera m'madzi. Wendell anayang'ana zikhatho zake, anazipukuta pa thalauza lonyowa kale, n'kundipempha mpira wina.

Titamaliza, sindinapite kukaona zotsatira pa bolodi. Roscoe ndi amene anabwera, osaseka, n'kundiuza kuti chiphaso chapita, ndipo mpira wa m'dziwe uja ndi umene wachitenga.

Ndinasenza kachikwamako mpaka poimika magalimoto. Tsopano ndinkatsimphina poyera, panalibenso chobisira. Wendell anabwera pambuyo, tsitsi litamatirira pamphumi, makiyi ali m'manja. Sindinafune kumva mawu aja kuchokera kwa munthu woyang'ana nsapato zake, ndiye ndinayamba ndine.

"Nenani msanga, basi isandisiye. Mlamu wanuyo mwamusungira chikwama chabwino, koma pokachinyamulira palibenso."

"Mlamu wanga?" Anandiyang'ana modabwa. "Uja amagulitsa matayala. Atafika pano angafunse kuti magoli ali kuti."

Anatsegula buti. Chikwama chachikopa chinali momwemo. Pambali pake juzi yopindidwa bwino, nsapato, mabokosi a mipira, jekete ya mvula, mathaulo ouma, ndi ambulera pamwamba pa zonse.

"Ndinaona tili ku Florida," anatero. "Munthu sayesa mphepo katatu pa chitunda chimodzi, masamba ali chete."

Ndinakhala pa bampala kumbuyo kwa galimotoyo. Kenako mkwiyo unabwera. Ndinamufunsa kuti anamutuma ndani. Ndinamuuza kuti ndasenza zikwama zolemera ngati mwana wa ng'ombe iye asanayambe kumeta ndevu, kuti ambulera sinaphepo munthu, kuti wataya chiphaso chake ndi ntchito yanga yomwe chifukwa cha uchitsiru. Ndinamutukwana mawu amene sindinatukwanepo mzungu maso ndi maso. Iye anangoima pamvulapo, akumvetsera.

Nditatopa anandiuza kuti dzulo lake pa chitunda chomaliza milomo yanga inali itayera, ndipo ankaopa kuti ndigwa pamaso pa anthu. M'mawa anakanyamula kachikwamako kuti amve kulemera kwake, anaona kuti kakulemerabe, n'kuchotsamo zimene akanatha kuchotsa. Ndodo zokha ndi zimene sakanazisiya.

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanavomera, madala?"

Sindikanavomera. Ndikanatula chikwama tsiku lomwelo, chifukwa kwa ine wosewera akayamba kukumvera chisoni ndiye kuti wayamba kukutsanzika. Iye ankadziwa zimenezo. Chaka chonse ndinkati ndine ndikumuwerenga, pamene amene ankawerengedwa ndinali ine.

Wendell sanabwererenso m'mipikisano ikuluikulu. Anakatsegula kamalo kophunzitsira anthu kumenya mpira kwawo ku Oklahoma, ndipo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Inenso sindinasenzenso chikwama cha munthu. Anthu akandifunsa ndimawauza kuti anali chitsiru, ndipo sindinasinthe maganizo. Munthu wanzeru amanyamula ambulera.

Tsiku la mvula lija ku Mississippi anafuna kundiperekeza pa galimoto, ine ndinakana, chifukwa poimira basi panali pafupi, kuseri kwa chipata cha bwalolo. Ndiye anatenga ambulera ija m'buti, yomwe inali youma ngati yatsopano, anaitambasula n'kundifunditsa. Mvula inkamugwera phewa lonse lakunja. Tinayenda pang'onopang'ono. Msewu wopita kuchipata unali wokwera. Titafika pakati pake bondo linandigwira, koma ndisanaime, Wendell anaima. Anawerama, anathothola tiudzu tonyowa m'mbali mwa msewu, n'kutiponya m'mwamba. Tinagwa pomwepo pa nsapato zake.

"Mphepo ikuchokera kumanzere," anatero. "Tidikire kaye idutse."

Tinadikira.