Mawu a M'kati mwa Chikuto

Burul anagula bukulo pamsika wa mumzinda wa Bishkek, kumene ankakhala, kudakali mwezi wathunthu kuti tchuthi cha Chaka Chatsopano chifike. Linali la zithunzi, la mbuzi yosamva imene inadya zokongoletsa zonse za pamtengo wa chikondwerero, mpaka kabelu n'kumalira m'mimba mwake ikamayenda. Tsiku lonyamuka anatsegula chikuto n'kulembamo mawu amene ankalemba chaka chilichonse: "Kwa mwana wanga Akylai, kuchokera kwa mayi ako amene amakusowa tsiku ndi tsiku."

Akylai anali mwana wake woyamba. Atangosiya kuyamwa, apongozi anamutenga monga mwa mwambo, pakuti mdzukulu woyamba ndi wa agogo, amasanduka mzime wawo. Choncho mwanayo anakulira kumudzi kufupi ndi tauni ya At-Bashy akuitana agogo ake kuti amayi ndi abambo. Ermek, bambo ake omubala, anali achimwene, ndipo Burul, amene anamusenza miyezi isanu ndi inayi, anali alamu. Burul sanakane. Mtengwa amene saloledwa ngakhale kutchula dzina la apongozi ake akanayambira pati kukana? Koma zinkamupweteka, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi sizinachepetse ululuwo ngakhale pang'ono.

Chake chenicheni chinali mabuku amene ankamubweretsera chaka ndi chaka. Apongozi aamuna maso adawathera pa nkhosa, aakazi nawo ankati nkhani za nyama zovala zipewa n'zopusitsa ana. Ndiye kuwerenga inali ntchito ya alamu. Masiku khumi pachaka, chipale chofewa chikatseka misewu, mwanayo ankakwera pamiyendo pake pafupi ndi mbaula, tsitsi likununkhira utsi wa ndowe zouma, ndipo Burul ankawerenga mozengereza dala kuti buku lisathe msanga. Mawu a m'kati mwa chikuto ankangowalumpha. Ankawalemba mopanda mantha poti nkhalambazo sizitsegula mabuku, ndipo mwana sadziwa kuwerenga.

Anayenda tsiku lonse, galimoto ikutsetsereka pa phiri la Dolon, Ermek akutukwana chipale ngati kuti chili ndi makutu. Asanatsike n'komwe, Akylai anatulukira pachipata, nsapato zazikulu za agogo ake zikumukwekwereza.

"Achimwene! Alamu! Ine tsopano ndimawerenga ndekha!"

"Osanena," anatero apongozi aakazi ali pakhomo, akudzitama ngati aphunzitsa ndi iwo. "Kathu aka katitopetsa. Paketi ya tiyi kawerenge, thumba la ufa kawerenge. Dzulo kamawerengera bambo ake botolo la mankhwala a nkhosa."

Burul anaseka nawo mongodzikakamiza. Ankadziwa kuti mwanayo wayamba sukulu, kungoti ankayesa kuti miyezi inayi munthu amangodziwa kujambula zilembo. Mwana wowerenga yekha akafunirenji miyendo ya alamu? Nanga mawu aja? Akanakhala pa tsamba wamba akanang'amba, koma anali pachikuto penipeni, a inki yosafufutika. Mwanayo akawawerenga mokweza pamaso pa apongozi, chikhala chipongwe chachikulu, ngati kulanda mwana m'nyumba ya eni ake, ndipo masiku khumi aja angathere pomwepo.

Analisiya bukulo m'chikwama.

"Alamu, chaka chino simunandibweretsere?"

"Mawa, iwe. Ndiyambe ndapuma."

Mawa lake anati ali ndi mtanda woti akande. Tsiku lachitatu anati chikwama chili pansi pa katundu. Masiku ankapita, atatu mwa khumi aja, ndipo Burul ankangomuyang'ana mwanayo chapatali akusewera pazenera, manja akumuyabwa kufuna kumukumbatira.

Masana a tsiku lachinayi chipale chinagwa chambiri. Apongozi aamuna anali kukhola, ena onse atazungulira nsalu ya chakudya pansi, Burul akuthira tiyi monga ayenera mtengwa. Ndi pamene Akylai analowa bukulo lili m'manja. Anali atakalitenga yekha.

"Taonani mbuzi! Ili ndi nyenyezi kukamwa!"

Anakhala pansi n'kutsegula chikuto. Anayang'ana mawu aja nthawi yaitali, milomo ili duu. Kenaka anakankhira bukulo kwa Burul.

"Alamu, zolemba zapamanja zimandivuta. Tandiwerengerani apa."

Ermek anaweramira m'kapu mwake ngati wagwetseramo kanthu. Burul anaika ketulo pansi, analandira bukulo, ndipo mawu anatuluka owuma.

"Palembedwa kuti, kwa Akylai, kuchokera kwa alamu ake."

"Basi?" anafunsa apongozi aakazi, osatukula maso. "Inki yonseyo mawu ake omwewo? A kutauni mumaononga zinthu." Anamwa tiyi wawo mpaka kutha, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango, kenaka anadzuka mawondo akulira. "Ermek, dzuka. Bambo ako akuuma okha kukhola iwe uli phwii ngati mlendo. Tiye ukatithandize udzu."

"Amayi, ndangobwerako kumene."

"Ndati tiye."

Chitseko chinatsekeka. M'nyumba munatsala kulira kwa moto m'mbaula.

Akylai anasendera pafupi, n'kukwera pamiyendo pa Burul monga ankachitira kale. Anali atatalika, mapazi ake anafika mpaka pamkeka waubweya. Anaika chala pa mzere woyamba.

"Mwanama, alamu."

Burul anangoyang'ana chala cha mwanayo.

"Mabuku anayi akale aja ndinawerenga kalekale, chipale chisanayambe. Onse munalemba zofanana. Amayi anandipeza ndikuwerenga, ndiye ndinawafunsa."

"Anati chiyani?"

"Anati iwo salemba m'mabuku, ndikafunse mwini wake wa inki." Mwanayo anakanda pachikuto ndi chikhadabo. "Zapamanja sizindivuta ayi. Ndimangofuna ndimve mmene amamvekera mukamanena inuyo."

Burul anayang'ana kuchitseko. Panja pankamveka mawu a apongozi akukalipira Ermek za udzu, mokweza kuposa mmene udzu umafunikira. Anakoka mwanayo pachifuwa, fungo lija la utsi linamulowa m'mphuno, ndipo misozi imene anaisunga zaka zonsezi inatuluka, mpaka anayamba kawiri asanathe kuwerenga.

"Kwa mwana wanga Akylai," anawerenga, "kuchokera kwa mayi ako amene amakusowa tsiku ndi tsiku."

Mwanayo anatsamiritsa mutu pansi pa chibwano cha Burul. Tsamba la mbuzi linali pomwepo, losatsegula. Burul anadikira, mtima uli m'mwamba, kuti mwina amve liwu limodzi limene sanaitanidwepo nalo.

Akylai anabweza chala kumayambiriro kwa mzere.

"Bwerezaninso, alamu," anatero. "Pang'onopang'ono."