Chipinda cha Malemu Bang

Nkhani yogulitsa nyumba Gitae anaiyamba masamba atangoyamba kuyoyoka. Anaiyamba mwaulemu, monga achitira ana ophunzira akafuna kukulanda chinthu. Anati nyumba ya mayi ake ku Jecheon yakalamba, makoma ake ndi opyapyala, ndipo gasi amene iye ankalipira ali ku Seoul ankangothera kutenthetsa mphepo. Kwake kunali kachipinda kopanda munthu, pansanjika yam'mwamba, koti mayiwo akakhalemo. Dzinja la chisanu likubwerali likaonetsanso kuti nyumbayo ndi mtolo, basi, aigulitsa.

Mayi akewo, Mayi Pyo Malsun, analowa m'nyumbamo ali mtsikana, anaberekeramo Gitae yemweyo, ndipo amuna awo, a Bang, anamwalirira m'chipinda chakum'mawa. Mumtima analumbira kuti bilu ya gasi ikafika kwa mwana wawo idzakhala yoonda mpaka iye achite manyazi.

Chisanu chitafika, mayiwo anayamba nkhondo. Mawindo onse anawamata pulasitiki wa timatuza uja amakutira katundu. M'munsi mwa zitseko anatsekamo masokosi akale a malemu. Pabalaza anakhomapo katenti ka anthu okwera mapiri, n'kumagona momwemo atavala malaya pamwamba pa malaya, botolo la madzi otentha lili kumapazi. Masana ankakaswera kuholo ya okalamba, kumene pansi pamatentha ulere, n'kumanamizira kuti amakonda njuga ya makhadi, chikhalirecho ankaida ngati matenda. Zonsezi zinali nzeru ndithu. Koma munthu akalawa kuumira sakhuta.

Tsiku lina anagwada kunsi kwa sinki, kumene kuli zotsekera za mapaipi a madzi otentha odutsa pansi pa chipinda chilichonse, natseka cha chipinda chakum'mawa mpaka chinakana kutembenuka. Mukugona ndani m'menemo? Chithunzi cha malemu sichimva kuzizira.

Mayi Yeom, mnzawo woyandikana nawo nyumba, anawapeza akutuluka kunsi kwa sinkiko, ndipo atamva zimene achita anagwira pakamwa.

"Amake Gitae, mwatseka chonse? Siyani kampata madzi aziyenda. Chipinda chija chili kumphepo, akaundana m'paipi n'kuiphulitsa mudzalira."

"Inu mwana wanu amagulitsa maboila otenthetsera madziwo, nanga simungalankhule zotero? Ine nyumba ino ndimaidziwa ngati chikhatho changa."

"Chabwino, a Ndadziwakale. Ife tidzabwera kudzapepesa."

Anasekerana, nadya mbatata yootcha, nkhani n'kuthera pomwepo. Sabata zotsatira kunazizira mwakuti madzi a mumtsinje anaundana gwa. Mayi Pyo zala zinawatupa, chifuwa chinawagwira, koma Gitae akaimba foni ankameza chifuwacho n'kumuuza kuti m'nyumba mukutentha mpaka akutsegula zenera.

Chaka chatsopano chitayandikira, anakonzeka monga mwa nthawi zonse. Mwambo wopereka chakudya kwa makolo unkachitikira m'chipinda cha malemu, ndipo sakanalola kuti mwana wawo agwade pozizira. Dzulo lake masana anatsegula chotsekera chija, nakweza boila. Pansipo panachedwa kufunda, boilayo n'kumangolira kuti madzi achepa. Iwo anawonjezera madzi, nailalatira kuti yakalamba ngati mwini wake. Mtima unawagunda pang'ono, koma anauuza kuti ukhale chete.

Gitae ndi mkazi wake Eunha anafika m'mawa. Anapeza pulasitiki atamatulidwa, tenti itabisidwa, nyumba ili yofunda bwino. Eunha anayamika apongozi ake kuti akuoneka athanzi, ngakhale maso ake anakhalitsa pa zala zawo. Anayala tebulo patsogolo pa chithunzi cha a Bang: msuzi wa timakeke ta mpunga, nsomba youma, zipatso, ndi kapu ya mowa. Mayi Pyo anaima pakhomo, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chiyambire chisanu. Ankangodikira kuti akatha kudya, Gitae atchule yekha za biluyo.

Gitae anagwada, nagunditsa chipumi pansi. Anadzuka, nagwadanso kachiwiri, koma ulendo uno anachedwa kudzuka. Anayang'ana zikhatho zake. Anadinikiza pepala lachikasu loyalidwa pansi, ndipo madzi anatumphuka m'mphepete mwake, ofunda, nayenderera mpaka kumiyendo ya tebulo la bambo ake. Mawondo a thalauza lake anali atanyowa.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa, poti wokalipa umamuyankha. Anangopita kunsi kwa sinki, natseka madzi, n'kubwerera atanyamula tenti ija, yomwe anaipeza kuseri kwa thumba la mpunga pofunafuna nsanza zopukutira.

"Amayi, mwakhala mukugona m'menemu?"

"Mumafunda bwino," anatero mayiwo. "Gasinso sanathe wambiri. Ukaona bilu, uona wekha."

"Ndaiona kale, amayi. Ndinkayesa mita yawonongeka."

Anaimbira mmisiri, ndipo mmisiriyo anati sangabwere mpaka tchuthi chithe. Ananenanso kuti paipi ikaphulika pansi pa simenti ya nyumba yakale chotero, pamafunika kuswa pansi ponse n'kuyala zatsopano. Gitae anamvetsera akugwedeza mutu, ndipo mayi ake anadziwa kuti pansipo sipadzaswedwa. Ndani amasokerera chigamba pa malaya oti ataya mawa?

Msuzi unazizira patebulo osaulawa munthu. Eunha analongedza zovala za apongozi ake, akulankhula motsitsa za mmene kwawo kumafundira usana ndi usiku popanda kugwira kanthu. Mayi Pyo anachotsa chithunzi cha amuna awo, nachikulunga m'thaulo. Chowawa koposa chinali chakuti panalibe womuloza chala. Nyumbayo anaiteteza ndi thupi lawo lomwe, n'kuipha ndi dzanja lawo lomwe.

Mayi Yeom anaima pageti lawo, ndipo sananene kuti ndinakuuzani. Gitae anali ataliza kale galimoto. Mayi Pyo anabwerera m'nyumba, naima pakhomo la chipinda chakum'mawa, masokosi akunyowa. Getsi linali likuyakabe. Dzanja lawo linapita lokha pakhoma n'kulizimitsa, ngati kuti panali chinanso choti apulumutse.