Mchere m'Dimba

"Bambo a ana, tasiyani makinawo mubwere muone."

Telala anachotsa phazi pa makina osokera, natsika pakhonde mokoka miyendo. Mkazi wake anali atanjuta pakati pa mabedi a ndiwo, akadali mu yunifolomu yake ya unamwino, nsapato zoyera zili mu dothi. Kadimba kawo kanali pambali pa nyumba, kotchingidwa ndi malata akale kuti mphepo ya kunyanja isamakwapule mbewu. Munali mabedi anayi okha: tomato, mpiru, tsabola ndi mabiringanya. Masamba a tomato anali atapsa m'mphepete ngati malaya oiwalidwa pansi pa simbi, ndipo mpiru unali utagona.

"Mukuona zoyerazi pamwamba pa dothi? Uwu ndi mchere. Wafika bwanji muno?"

Telala anawerama, nagwira kukamwa ngati munthu wodabwa. Mwamuna ameneyu sewero salitha, koma tsiku limenelo anakhoza. Mmene mcherewo unafikira m'dimbamo ankadziwa bwino lomwe.

Masabata awiri m'mbuyomo, banja lonse linapita kunyanja yamchere ya kwawoko monga linkachitira Lamlungu lomaliza la mwezi uliwonse: iye, mkazi wake, atsikana awo awiri, ndi a Kapitao, bambo ake a mkaziyo. Anthu ena kugombe amapita kukasambira ndi kukajambulitsa. Mkazi wa Telala amapita ndi matumba. Dothi la kwawoko ndi mchenga wokhawokha, ndipo manyowa ake anali ndere zimene mafunde amataya kumtunda. Tsiku limenelo anadzaza matumba atatu, ana akudandaula kuti anzawo akuwaseka, a Kapitao atakhala pamwala n'kumalamula ngati akadali kudoko kumene anayang'anira onyamula katundu zaka makumi atatu.

Lamulo la ndere linali limodzi, ndipo mkaziyo analibwereza ngati akuuza wodwala kamwedwe ka mankhwala: kuziviika mu mgolo wa madzi a pampopi, kusintha madziwo katatu, kenako kuzitaya kudzenje kuti ziwole. Lolemba mkaziyo anapita kuntchito, matumba aja atatsamira khoma. Dzuwa litafika pamutu, fungo linakwera pakhonde. Mtsikana wina amene anabwera kudzayesa diresi lake laukwati analinunkhiza, nafunsa ngati linasokedwera pamsika wa nsomba. Telala zinamulowa mumtima. Mtsikanayo atangopita, a Kapitao ali m'tulo tawo ta masana, Telala anatenga khasu, nakumba timigula pakati pa mizere, nakhuthuliramo ndere zonse zikudontha madzi a m'nyanja, nakwirira bwinobwino. Anadziuza kuti manyowa ndi manyowa basi. Madzulo anauza mkazi wake kuti watsuka ndipo wakwirira kudzenje.

"Ndere zija munatsukadi?" anafunsa mkaziyo tsopano, akusasa m'manja.

"Katatu. Zili kudzenje."

Yankholo linatuluka lokha, iye asanaliganize n'komwe. Mkaziyo sanakayike. Maso ake anachoka pa mwamuna wake n'kukatera pa kachidebe kobiriwira kamene kanali pakhomo la kukhitchini.

Kachidebeko kanali ka a Kapitao. M'mawa uliwonse ankatsika kunyanja kukatunga madzi oviikamo mapazi awo otupa, ndipo akamaliza ankatenga kheni n'kuthirira dimba. Kuthirira inali ntchito yawo, ndipo sankalola munthu wina kuigwira. Chaka chimenecho mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu. Makiyi anapezekapo m'chitini cha shuga, ndipo tsiku lina anasiya mbaula ikuyaka n'kupita kokayenda. Koma dimba anali asanaliiwalepo ngakhale tsiku limodzi.

Mkaziyo anawapeza pampando wawo pansi pa mtengo wa mandimu, akumvera wailesi.

"Bambo, madzi a m'kachidebe kaja mumataya kuti mukamaliza?"

"M'ngalande. Nanga n'kutaya kuti?"

"Tsiku lililonse?"

A Kapitao anachepetsa wailesi. Anayang'ana mwana wawo, nayang'ana kudimba. "Ndikuganiza choncho."

"Mukuganiza, kapena mukudziwa? Dimba lonse lapsa ndi mchere, bambo."

Mkuluyo anayendetsa milomo ngati akuwerenga masiku. Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo. "A Telala, inu mumakhala pano tsiku lonse. Munandionapo ndikuthira madzi a m'nyanja pa mbewu?"

"Ine maso amakhala pa singano, bambo."

Sananame pamenepo. Koma chilowereni m'banjamo anali asanayankhulepo mawu oipa kuposa amenewo, ndipo anadziwa zimenezi mawuwo asanathe n'kutuluka komwe.

Madzulo omwewo mkaziyo anapachika kheni pa msomali wa m'mwamba m'chipinda chosungira katundu, naimbira foni mlongo wake wa kutauni. Telala ankamva zonse akudula nsalu patebulo.

"Lero ndi dimba, achimwene. Mawa adzathira chiyani mu tiyi wa ana? Ine ndimachoka m'mawa, bambo a ana ali ndi makasitomala awo. Kwanuko alamu amakhala pakhomo tsiku lonse. Bwerani Loweruka mudzawatenge."

Kwa mlamuyo Telala ankakudziwa. Inali nyumba yosanja, iwo akukhala pamwamba penipeni, khonde lake longokwana mpando umodzi ndi chingwe choyanikapo zovala. Kumeneko kunalibe dothi loti munthu n'kupondapo, ndipo nyanja inali ulendo wa tsiku lathunthu.

"Mayi a ana, mwina tingodikira pang'ono," anatero foni itatha.

"Tidikire chiyani? Mukuganiza kuti ine zikundisangalatsa? Ndi bambo anga amenewa." Atatero, analowa kuchipinda.

Mpata woulula unali umenewo, ndipo Telala anauona ukudutsa. Ankaopa nkhope ya mkazi wake. Ankaopanso kuti bodza la tsiku limodzi linali litabala kale lina, ndipo kuulula tsopano kunali kuulula awiri. Anadziuza kuti anena mawa.

Mawa lake anachita zina. Anasankha nsalu yabwino imene ankaisungira kasitomala, nayamba kusokera apongozi ake malaya. Mkazi wake akachoka, ankathira zidebe za madzi a pampopi pa mabedi aja kuti mwina mchere utsike, koma mbewu zinali zitapita kale. A Kapitao ankadzuka m'mawa monga kale, n'kuvala nsapato zawo za mphira, n'kufika pakhomo la dimba, n'kuima pomwepo manja ali kumbuyo. Kunyanja anasiya kupita, ndipo kachidebe kaja anakavundikira okha. Chakudya Telala ankachimeza ngati mchenga, pamene mkuluyo ankamupatsira mbale ya ndiwo mwaulemu monga mwa masiku onse.

Lachisanu masana a Kapitao anabwera pakhonde. "A Telala, ngati singano ingakuloleni, tandiperekezani kunyanja. Ndekha mwana wanga wandiletsa."

Anayenda pang'onopang'ono, kudutsa pa golosale, kudutsa pamene asodzi amakonzera maukonde, mpaka pamwala paja. Dzuwa linali likuswa mtengo ndipo gombe linali mbee, kopanda anthu. Mkuluyo anavula nsapato, naviika mapazi m'madzi.

"Ndakuonongerani ndiwo," anatero. "Mundikhululukire."

"Bambo, musatero."

"Ayi, ndiyenera kutero. Masiku onsewa ndakhala ndikufufuza m'mutumu, ndipo tsopano ndakumbukira. Linali Lachiwiri. Ndikudziona ndithu nditanyamula kachidebe kaja, ndikuthira pa tomato, kenako pa mpiru. Ndinkaimba nyimbo." Anaseka pang'ono. "Kudoko ndinkasunga m'mutu katundu wa sitima yathunthu, popanda pepala. Lero ndikulephera kusiyanitsa chidebe ndi kheni. Mwana wanga akunena zoona. Ndipite ndisanapweteke zidzukulu zanga."

Bodza la Telala linali litalowa m'mutu mwa munthu wokalamba n'kumanga nyumba momwemo, mpaka kupeza tsiku lake ndi nyimbo yake. Anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali chakuti mafunde akukula, ndi bwino abwerere. Pobwerera anadzida njira yonse.

Loweruka mlamu anafika cha m'ma teni ndi galimoto yake. Anamwa tiyi, naseka Telala kuti mimba yayamba kugunda makina. Chikwama cha a Kapitao chinalowa kumbuyo kwa galimoto, wailesi ili pamwamba. Atsikana aja ankalira atakumbatira agogo awo. Mkuluyo anatuluka atavala malaya atsopano aja, mabatani atamangidwa mpaka m'khosi, natambasula dzanja kuti atsanzike mkamwini wawo.

Telala sanalilandire dzanjalo. "Ndine," anatero. "Mayi a ana, ndine ndinaononga dimba. Ndere zija sindinatsuke. Ndinazikwirira m'mabedimo zili ndi mchere wake."

Kenako mkazi wake anamugwira pamkono, misozi ili m'maso. "Bambo a ana, ndikudziwa kuti mumawakonda. Koma musaname chifukwa cha chisoni. Mukungolemetsa zinthu."

"Alamu, muli ndi mtima wabwino inu," anatero mlamu uja, akumusisita paphewa. "Akamwini ena akanakhala atatsegula kale chitseko cha galimoto."

"Musadzipake matope chifukwa cha ine, a Telala," anatero a Kapitao. "Ndinakuuzani dzulo kuti ndakumbukira."

Kuyamikiridwa kumeneko kunamuwawa Telala kuposa mbama. Anapita kuseri, nabwera ndi khasu, nalowa m'dimba. Anakhapa kamodzi pakati pa mizere ya tomato, kawiri, ndipo kachitatu khasu linatuluka ndi ndere zakuda, zoterera, zisanawole n'komwe. Fungo lija linadzaza bwalo lonse. Anapita pa bedi la mpiru nakumbanso, kenako pa tsabola, mpaka mkazi wake anati, "Basi."

Mkaziyo anayang'ana nderezo, kenako mwamuna wake. Sanakalipe. Telala akanakonda akanakalipa.

"Masiku asanu ndi limodzi," anatero motsitsa. "Mumandiona ndikulira, mumandiona ndikuchapa zovala zawo ndi kulongedza. Mumadya nawo patebulo limodzi. Anakufunsani pamaso panga, inu n'kuwayankha za singano."

"Ndinachita mantha."

"Mantha a tomato?"

Mkaziyo anapita yekha kugalimoto, natsitsa chikwama ndi wailesi. Analowa m'chipinda chosungira katundu, natuluka ndi kheni, nagwada pamaso pa bambo ake. "Bambo, ndakulakwirani. Simupita kulikonse. Dimba ndi lanu."

A Kapitao analandira kheniyo, koma maso awo anali pa ndere zija. "Nanga Lachiwiri lija ndinathira chiyani?"

"Simunathire kanthu, bambo," anatero Telala. "Munalibe cholakwa chilichonse."

"Koma ndikuziona. Mpaka pano ndikuziona." Anagwira pachipumi ndi zala ziwiri. "Ngati sizinachitike, ndiye kuti muno mwaonongeka kuposa mmene ndimaganizira."

Mlamu anabwerera yekha, osatsanzika Telala. Masiku atatu otsatira Telala anatseka makina. Anafukula mabedi onse anayi, nataya dothi lake ndi wilibala, nakagula lina kwa munthu woweta ng'ombe kumtunda. Manja ake ozolowera nsalu anatuluka matuza. Mkazi wake ankamuyankha akafunsa za ana kapena za magetsi, zina ayi. Mbande zatsopano anabweretsa mkaziyo, nabzala yekha.

M'mawa mwake Telala ali pakhonde akulowetsa ulusi, anamva mpopi ukutseguka, kheni ikudzaza, mpopi n'kutsekedwa. Anadikira kumva madzi akugwera pa dothi, koma sanamve kanthu. Atasuzumira, anaona a Kapitao ataima pakhomo la dimba, kheni yodzaza ili m'manja.

"A Telala, tabwerani mundilawireko madziwa."

"Ndi a pampopi, bambo. Mwatunga nokha pompano."

"Ndikudziwa. Lawani basi."

Telala anatsika, natunga pang'ono ndi chikhatho, namwa. "Ndi abwino, bambo. Mulibe mchere."

"Mukunena zoona?"

Analibe mkwiyo pofunsapo, ankangofuna kudziwa. Telala anayankha kuti inde, akunena zoona. A Kapitao anagwedeza mutu mwaulemu, koma sanathirire. Anaimabe pomwepo, mkono ukunjenjemera ndi kulemera kwa kheni, kudikira kuti mwana wawo atuluke adzalawenso.